Si chitenje, ndi mundu, ndipo sunagwe wonse

Choyamba, chimene mukuona pachithunzi chija si chitenje cha amayi akunyumba. Dzina lake ndi mundu. Chachiwiri, sunagwe wonse monga akufalitsira alamu anga pa WhatsApp. Mbali imodzi inakodwa pabondo lakumanzere. Ofuna kuseka sekani, koma mumve kaye mmene zinayendera.

Mlandu wonse ndi wa mpunga. Mnzanga wina wakuntchito, wa ku Kerala ku India, ananditengera kwawo kufupi ndi Thiruvananthapuram (katchulidwe kake musandifunse, lilime ndinaluma kawiri) pa nthawi ya Onam, chikondwerero chawo cha zokolola chimene chimatenga masiku 10. Amati mfumu yawo yakalekale, Mahabali, imabwera kudzazonda anthu ake, ndiye iyenera kuwapeza ali okhuta. Ali ndi mwambi woti ngakhale utagulitsa munda, phwando la Onam uyenera kudya basi. Anthu a mwambi wotere sachita masewera pogawa.

M'mawa anandiveka mundu: nsalu yoyera mbee, ya mzere wagolide m'mphepete, yotalika pafupifupi mamita 4, yopinda pawiri. Batani palibe, zipi palibe, chingwe palibe. Umangoizunguliza m'chiuno, n'kupisa nsonga, zotsalazo n'kusiyira Mulungu. Eni ake amathamangira basi atavala zimenezi, ena amakwera nazo njinga yamoto. Ine sindinaikhulupirire. Ndinalowa kuchipinda, n'kumanga lamba wa thalauza pamwamba pake, n'kuphimba ndi shati. Mpaka lero ndimati imeneyi inali nzeru.

Masana tinakhala pamkeka kudya sadya, phwando la Onam lija, aliyense tsamba la nthochi patsogolo, nsonga yake italoza kumanzere. Ndinawerenga ndiwo mpaka 21, kenako ndinaleka. Nyama ngakhale kafupa ayi, koma simungaikumbuke. Panali avial, masamba osakaniza ophikira kokonati ndi chambiko, erissery wa dzungu ndi nyemba, tchipisi ta nthochi, ndi kenakake kakuda kotchedwa inji puli, jinja ndi bwemba, kamene amakuikira kadontho chabe koma kamakafika mpaka m'makutu. Mpunga wake ndi wofiirira, wonenepa, amautcha matta. Amayamba kuthirapo mphodza ndi mafuta a mkaka, ukamaliza kubwera msuzi wa sambar, ukamaliza wina wa rasam. Kudya kwake n'kwa manja, ndipo apa ndinawaonetsa kuti ndinakulira pa nsima. Azakhali ake a mnzangayo anandiyamikira pagulu, ine mtima m'mwamba.

Tsopano mvetserani, chifukwa pano ndi pomwe aliyense wa inu akanagwa. Mnyamata wogawa mpunga akafika pa ine ankafunsa, "Mathiyo?" Khutu langa la Chichewa linkamva "madzi". Madziwo ndinali nawo kale m'kapu, ndiye ndinkapukusa mutu kukana. Iye phwaa, chipande china. Kubweranso, "Mathiyo?" Ine kukana. Phwaa. Kanayi konse. Ndinadzamva usiku kuti mathi m'Chimalayalam, chilankhulo cha ku Kerala, ndi "basi, zakwana". Mwana wa eni ake ankandifunsa ngati ndakhuta, ine n'kumakanitsitsa ngati wochokera ku njala. Pamwamba pa zonsezo panabwera payasam wa mitundu iwiri, phala lotsekemera, lina la mkaka, lina la shuga wakuda wa nzimbe. Lamba ndinamusuntha mabowo awiri, ndipo mundu wa pansi pakewo ndinaumasulako pang'ono kuti mimba ipume. Mfundo imeneyi muisunge.

Chakumadzulo tinanyamuka kupita ku Suchindram, ulendo wa maola ngati awiri, kulowa m'chigawo cha Tamil Nadu, kufupi ndi Kanyakumari kumene India amathera m'nyanja. Derali linali pansi pa boma limodzi ndi kwawo kwa mnzangayo mpaka 1956, n'chifukwa chake ukamayenda umamva Chitamil uku, Chimalayalam uko. Kachisi wamkulu wa kwawo kwa mnzangayo, Padmanabhaswamy, amalola Ahindu okhaokha, ndiye anasankha wa Thanumalayan, kumene milungu Shiva, Vishnu ndi Brahma imapembedzedwa pamodzi. Ine ndinkafuna kuona Hanuman, mulungu wa nkhope ya nyani, wosema pamwala, wotalika kupitirira mamita 5, ndi zipilala zamiyala zimene ukazigogoda zimalira ngati mangolongondo.

Pakhomo tinasiya nsapato. Izi ndinkazidziwa. Zimene mnzanga anaiwala kundiuza n'zakuti mwamuna aliyense amavulanso shati. Ndinavula. Lamba uja, wakuda bii, anaonekera pansalu yoyera, mimba ya mpunga kanayi itakhala pamwamba pake ngati thumba la chimanga lomanga pakati. Ana awiri anayamba kuloza. Ndinachita manyazi, n'kumuchotsa. Ngati pali pamene ndinalakwa ndi pokhapa: ndikanapirira ana awiri.

Ndiye onani chithunzi chenicheni, osati cha alamu. Dzanja lamanja shati, foni ndi lamba. Lamanzere kambale ka kokonati, nthochi ndi maluwa, kamene azakhali anandipatsa kuti ndiwagwirire. Pansi mwala umene dzuwa lauwotcha tsiku lonse, mapazi anga a mu ofesi. Ndinadumpha kamodzi. Kawiri. Kachitatu ndinamva kamphepo kumene kamphepo sikayenera kufika.

Sunagwe mwachangu ayi. Ukanagwa mwachangu bwenzi zili bwino. Unatsika mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati mbendera ikamatsitsidwa madzulo, moti ndinali ndi nthawi yochita msonkhano m'mutu. Nditaye kokonati ya azakhali pakhomo la kachisi? Ayi, ndine mlendo. Nditaye foni? Ngongole yake sindinamalize. Ndinasankha njira yachitatu: kutangadza miyendo n'kutupitsa mimba, kuti mpunga umene unandiika m'mavuto undipulumutse. Ndinaima choncho, manja m'mwamba, mawondo panja, mpweya nditaugwira, ngati wovina malipenga amene ng'oma yamuthera pakati. Mpunga unandikana. Nsalu inadutsa chiuno, inapumulako pantchafu ngati ikuganiza zobwerera, kenako inapitiriza ulendo.

Za kabudula wofiira uja tithane nazo pompano. Ndine Noma, ndinabadwa Noma. Kabudulayo ndinagula pa kaunjika ku Limbe kunja kukuda, ndipo kufiira kwake sikukutanthauza kuti ndalowa Maule. Amene akulemba zimenezi pagulu aleke.

Palibe anaseka, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa. Kwathu kuno bwenzi msika wonse utagwa pansi, ine n'kuseka nawo, nkhani n'kutha. Kumeneko kunangoti zii. Agogo ena aakazi anayang'ana ine, n'kuyang'ana kabudula, n'kukweza maso ku nsanja yoyera ya kachisi ngati akundipepesera. Kenako kunabwera mdala wina woonda ngati bango. Sananene kanthu. Anatola mundu, n'kuukutumula fumbi, n'kundizunguliza ngati mwana wopita ku sikelo, n'kundionetsa ndi dzanja kuti ndikokere mimba m'kati. Ndinakoka imene ikanatheka. Anapisa nsonga, n'kupinda m'mphepete kawiri, n'kundimenya pamimba pha pha ngati akuyesa vwende, n'kumapita. Kambale ka azakhali ndinali ndidakagwirabe. Duwa silinagwe ndi limodzi lomwe, ndipo zimenezi palibe akuzitchula.

Hanuman ndinamuona, ndi wamkuludi. Zipilala akuti zinalira bwino, koma ine maganizo onse anali m'chiuno, chigongono chili chopanikiza pambali. Mantha anali achabe: kamangidwe ka mdala uja kanagwira mpaka usiku, pogona ndinachita kuitana mnzanga kuti andimasule.

Anajambula ndi mphwake wa mnzangayo, wa zaka 12. Mmene chithunzicho chinafikira kwa alamu, tidzakambirana pa ukwati wa Disembala. Mundu ndinabwera nawo, amayi akunyumba ayala patebulo la pabalaza. Lamba ndinamuiwala pamalo osungira nsapato paja.