Bondo la apongozi pa mtsetse wa Chowe

Galimoto yanga ndi saluni yaikulu, ya mtundu umene kunja amanyamulira mabwana, ndipo itangofika ku Mangochi kudzera padoko la Dar es Salaam, anyamata a kabaza anayamba kundipatsa moni wa manja awiri. Giya yake ndi ya otomatiki, ndipo kulemera kwake kumaposa tani imodzi ndi theka musanakwere munthu. Pa msewu wa ku Liwonde kapena wa ku Monkey Bay, kumene kulibe mapiri odetsa nkhawa, kulemera kumeneko kumakoma. Msewu wa ku Namwera ndi wina, chifukwa umatsetsereka mokhotakhota m'mapiri a Chowe usanafike pamlatho wa Bakili Muluzi.

Tinapita ku Namwera kukatenga apongozi anga aakazi kuti adzakhale nawo pa chinkhoswe kuboma. Mwambo ukanatsatidwa, iwo akanakhala kumbuyo, kutali ndi mkamwini, koma mayi a kunyumba analamula kuti akhale kutsogolo popeza maondo awo amavuta. Kumbuyo kunadzaza mayi a kunyumbawo, alamu anga ndi mikoko ya nthochi, ndipo m'buti munalowa matumba awiri a chimanga.

Mtsetse utayamba, phazi langa linakhazikika pa buleki osachokapo. Patapita kanthawi apongozi ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi kuno anthu amawotcha matayala masana?" Ndisanayankhe, buleki inafewa, kenako inamira mpaka pansi. Ndinaipopa mobwerezabwereza, koma galimoto inkangoonjezera liwiro, kona ikubwera, phompho lili pambali.

Galimoto zonse zimene ndinaphunzirirapo zinali ndi handibuleki pakati pa mipando, choncho dzanja langa lamanzere linapita lokha kukaifuna, maso ali pamsewu. Linapeza chinthu cholimba ndi chozungulira bwino, ndipo ndinachikokera m'mwamba ndi mphamvu zanga zonse.

"Mayo ine! Bambo, mwendo wanga!"

"Abambo, asiyeni amayi!" anakuwa mayi a kunyumba.

Ine ndinangomva phokoso, ndipo poona kuti galimoto siikuima, ndinakoka kachiwiri. Amene anatipulumutsa ndi alamu anga, omwe anakhalapo kondakitala wa minibasi. Anadumphira kutsogolo pamwamba pa nthochi, nakankhira giya pa 2, kenako pa L. Injini inabangula, liwiro linatsika, ndipo tinakaima mu mulu wa mchenga umene omanga nyumba anathira m'mbali mwa msewu. Fumbi litatha, dzanja langa linali likadali pa bondo la apongozi, ndipo iwo ankayang'ana pawindo, atadziphimba kumaso ndi chitenje. Anatsika osalankhula, nakwera njinga yamoto imene inkadutsa, ndipo anatitsogolera kufika kuboma.

Makaniko amene anabwera anatsegula kabotolo ka mafuta a mabuleki n'kupeza ali bii ngati tiyi wopanda mkaka. Anafotokoza kuti mafutawa amayamwa chinyezi pakapita nthawi, n'chifukwa chake amayenera kusinthidwa pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 140 okha. Galimoto yolemera ikamatsika phiri ndi mabuleki okha, mapadi amatentha, mafuta aja amawira, ndipo m'mapaipi mumadzaza nthunzi imene imangofinyika ukaponda. Kenako anawerama n'kundionetsa kachitsulo kopondera kumanzere kwa buleki, kamene ine ndinkapumitsirapo phazi. Handibuleki ya galimotoyi ndi imeneyo, ya phazi, ndipo mwini wake wa ku Japan ayenera kuti ndiye anaiponda komaliza, popeza ine poimika ndimangoika giya pa P.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi khalidwe la mabuleki oterewa, chifukwa akazizira nthunzi ija imabwerera kukhala madzi ndipo amagwiranso ngati sanalakwe kalikonse. Madzulo ankhoswe atakhala pansi kuti amve nkhani ya bondo, ndinafotokoza za madigiri ndi chinyezi mwatsatanetsatane. Malume a mayi a kunyumba anamvetsera modekha, kenako anapempha makiyi, nalowa m'galimoto, naponda buleki katatu. Inali gwa.

"Mkamwini," anatero akutuluka, "buleki iyi ndi yamoyo kuposa ine."

Ndinapempha kuti makaniko aitanidwe ngati mboni, koma anandiyankha kuti makaniko sadziwa za maondo. Alamu anga, amene ndinkawadalira, anachitira umboni kuti ndinakoka kawiri. Mlandu unathera pa mbuzi yaikazi, imene mtengo wake unaposa wa mafuta atsopano, mapadi ndi ntchito ya makaniko pamodzi. Apongozi anaikana yoyamba ponena kuti inali yowonda, ndipo yachiwiri analamula kuti ipite ku Namwera pa lole.