Musanadine batani logulira, dziwani kale ndalama zimene mungataye

Pafupifupi aliyense amene amandifunsa za malonda a tsiku limodzi, kaya a masheya, a futures (mapangano ogula kapena kugulitsa chinthu m'tsogolo pa mtengo wogwirizana lero) kapena a ndalama zakunja, amabwera ndi funso lofanana: angadziwe bwanji ngati mtengo ukwere kapena utsike? Funsoli ndi lomveka, ndipo maphunziro ambiri ogulitsidwa pa intaneti amakhazikika pa ilo. Komabe ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti chimene chimachititsa kuti akaunti ya munthu ikhalepobe chaka chikamatha ndi masamu ena osakopa, amene ayenera kuchitika malonda asanatsegulidwe: malondawo akule bwanji, ndipo mtengo ukalowera kwina patayike ndalama zingati. Munthu akhoza kulosera bwino kasanu ndi kamodzi pa maulendo khumi alionse koma n'kumaliza mpamba wake wonse, ndipo zoterezi zimachitika tsiku ndi tsiku.

Malonda a tsiku limodzi ndi kugula ndi kugulitsa chinthu chomwecho tsiku lomwelo, kotero kuti pokagona wamalondayo sasiya kalikonse kotsegula pa msika. Ku New York Stock Exchange malonda amayamba 9:30 m'mawa n'kutha 4 koloko madzulo, pamene msika wa ndalama zakunja sutseka mkati mwa sabata, chifukwa umachoka ku Sydney kupita ku Tokyo, kenako ku London ndi ku New York. Bank for International Settlements, bungwe la mabanki aakulu a mayiko, inapeza kuti mu Epulo 2022 pa msika umenewu pankadutsa madola pafupifupi 7.5 thiliyoni tsiku lililonse. Ndalama zambiri mwa izo ndi za mabanki akuluakulu ndi makampani amene makompyuta awo amagula ndi kugulitsa m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi, ndipo amenewa ndiwo amapanga mitengo imene munthu wamba amaiona pa foni yake.

Zotsatira za mpikisano woterewu zinafufuzidwa kale mokwanira. Ku Brazil, Fernando Chague, Rodrigo De-Losso ndi Bruno Giovannetti anatsatira anthu amene anayamba malonda a tsiku limodzi a futures pakati pa 2013 ndi 2015, ndipo mwa amene analimbikira kwa masiku opitirira 300, anthu 97 pa 100 alionse anataya ndalama, pamene pafupifupi mmodzi yekha pa 100 ndiye ankapeza zoposa malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'dzikolo. Ku Taiwan, Brad Barber, Terrance Odean ndi anzawo anaunika malonda a zaka za 1992 mpaka 2006, n'kupeza kuti amene ankapindula mosadukiza, atachotsa zolipira, sankakwana mmodzi pa 100. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ku Ulaya la ESMA linanena kuti maakaunti 74 mpaka 89 pa 100 alionse a anthu wamba ochita malonda a CFD (mapangano obetcha pa kusintha kwa mtengo popanda kugula chinthucho) amaluza. Sindikutchula ziwerengerozi pofuna kuopseza munthu. Chimene chimandikhudza kwambiri pa kafukufuku wa ku Brazil ndi chakuti amene anatayawo ndi anthu olimbikira, amene sanathawe msanga, zomwe zikusonyeza kuti kukhalitsa pa msika pakokha sikuphunzitsa munthu kupindula.

Tiyeni tione masamuwo pa EUR/USD, kusinthanitsa yuro ndi dola ya ku United States, imene ndi ndalama ziwiri zosinthanitsidwa kwambiri padziko lonse. Lot yathunthu, muyezo wa kukula kwa malonda, ndi mayuro 100,000, ndipo mtengo ukasuntha ndi pip imodzi, kutanthauza 0.0001, mwini lotyo amapindula kapena kutaya madola 10. Pali mabroker (makampani amene munthu amadzeramo pochita malonda) amene amapereka leverage ya 500 pa 1, kutanthauza kuti dola imodzi imatsegula malonda a madola 500, ndipo kwa iwo munthu wa madola 1,000 amaloledwa kutsegula lot yathunthu popanda womuletsa. Kusuntha kwa ma pip 50 ndi chinthu wamba pa tsiku la malonda, koma kwa munthu ameneyu ndi madola 500, theka la mpamba wake, ndipo kuti abwerere pomwe anali afunika kupindula 100 peresenti pa zotsalazo. Nchifukwa chake ESMA inalamula mu 2018 kuti anthu wamba asapatsidwe leverage yoposa 30 pa 1 pa ndalama zikuluzikulu, 5 pa 1 pa masheya a kampani imodzi, ndi 2 pa 1 pa ndalama za crypto.

Kuwerengera koyenera kumayambira ku mapeto. Choyamba munthu amasankha ndalama zimene walolera kutaya pa malonda amodzi, ndipo ambiri odziwa ntchitoyi sapitirira 1 peresenti ya akaunti, imene pa madola 1,000 ndi madola 10. Chachiwiri amayang'ana pa tchati malo amene mtengo ukafikapo ndiye kuti ganizo lake lalephera, n'kuikapo stop loss, lamulo lotseka malonda mtengo ukafika pamenepo, mwachitsanzo ma pip 20 kuchokera pomwe walowera. Akagawa madola 10 ndi ma pip 20 amapeza masenti 50 pa pip imodzi, ndiye kuti malonda ake asapose 0.05 ya lot. Kukula kwa malonda kumatuluka m'masamu amenewa, ndipo leverage imene broker akulola ilibe gawo lililonse m'menemo. Ndimadziwa kuti wowerenga wina anena kuti pamenepa phindu lake lingakhale madola 15 kapena 20 okha, osakwanira kusamalira banja. Akunena zoona, ndipo ndi bwino kuti zoonazi zimveke poyera: mpamba wochepa sungathe kulowa m'malo mwa malipiro a pa mwezi, ndipo amene amaukakamiza kuti utero amakulitsa malonda mpaka akauntiyo itatha.

Chifukwa chimene 1 peresenti ilili yofunika chimaoneka bwino tikaganizira za kuluza motsatizana. Njira yochitira malonda imene imapambana theka la maulendo ili ndi mwayi woposa theka wokumana ndi kuluza kasanu ndi kamodzi motsatizana pa malonda 100 alionse, ngakhale njirayo ilibe vuto lililonse. Amene amaika 1 peresenti pachiswe amatuluka m'nyengo yotereyi ali ndi pafupifupi 94 peresenti ya mpamba wake, ndipo mutu wake umakhala ukugwirabe ntchito bwino. Amene amaika 10 peresenti amatsala ndi 53 peresenti yokha, ndipo pamenepo mtima wofuna kubweza zotayikazo tsiku lomwelo umakhala utalanda kale chiwongolero.

Pa futures nkhani ndi yomweyi, koma ziwerengero zake ndi zazikulu kuposa momwe zimaonekera. E-mini S&P 500, pangano lotsatira mlozo wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku United States, imene Chicago Mercantile Exchange inayambitsa mu 1997, imalipira madola 50 pa pointi iliyonse, kotero kuti mlozowo ukakhala pa 5,000, pangano limodzi limaimira madola 250,000. Kutsika kwa 1 peresenti kokha ndi madola 2,500, pamene mabroker ena amalola munthu kugwira panganolo masana ndi madola mazana ochepa a margin, ndiye kuti chikole. Mu Meyi 2019 panabwera Micro E-mini, ya madola 5 pa pointi, ndipo kwa munthu wa mpamba wochepa imeneyi ndiyo yokhayo imene masamu a 1 peresenti angagwirepo ntchito.

Palinso zolipira, zimene zimadya mwakachetechete ngati chiswe. Tiyerekeze kuti spread (kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira) ndi komishoni pamodzi zimakwana pip imodzi. Munthu wofuna phindu la ma pip 10 ndi stop loss ya ma pip 10 akapambana amatenga 9, akaluza amataya 11, ndiye kuti afunika kupambana maulendo 55 pa 100 kuti angobwerera pomwe anayambira. Akafuna ma pip 40 mbali zonse ziwiri, chiwerengerocho chimatsika kufika pa 51 ndi pang'ono. Choncho amene amatsegula malonda ang'onoang'ono kambirimbiri pa tsiku amadzisenzetsa katundu wolemera kwambiri, ndipo broker amalandira zake kaya kasitomala wapindula kapena waluza.

Ndiyenera kuchenjeza kuti stop loss si chitsimikizo cha mtengo. Imangouza broker kuti atseke malonda pa mtengo woyamba umene ungapezeke, ndipo nthawi zina mtengowo umakhala kutali. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya Switzerland inasiya mwadzidzidzi kuteteza malire a mafranc 1.20 pa yuro imodzi, ndipo m'mphindi zochepa franc inakwera mphamvu ndi pafupifupi 30 peresenti. Ma stop loss ambiri anatsekedwa kutali kwambiri ndi pomwe anaikidwa, anthu ena anatsala ndi ngongole yoposa ndalama zimene anasungitsa, kampani ya ubroker ya Alpari UK inagwa, ndipo inzake ya FXCM inalengeza kuti makasitomala ake anali ndi ngongole kwa iyo ya madola pafupifupi 225 miliyoni. Pa 20 Epulo 2020 pangano la futures la mafuta osayenga a ku United States otchedwa WTI la mwezi wa Meyi linatseka pa madola 37.63 pansi pa ziro, chinthu chimene ambiri ankayesa chosatheka. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, koma kulumpha kwa mitengo kocheperako kumabwera pa nthawi zodziwika kale: lipoti la ntchito la ku United States limatuluka 8:30 m'mawa nthawi ya ku New York, kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi, ndipo Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, imakumana kasanu ndi katatu pa chaka kukambirana za chiwongola dzanja. Ine ndimaona kuti munthu wamba alibe chifukwa chokhalira ndi malonda otsegula pa mphindi zimenezo. Ndi bwinonso kufunsa broker asanalandire ndalama zanu ngati amateteza akaunti kuti isapite pansi pa ziro, komanso kutsimikiza pa kaundula wa bungwe loyang'anira, monga FCA ku United Kingdom, ASIC ku Australia kapena FSCA ku South Africa, kuti nambala ya laisensi imene akuonetsa ndi yakedi.

Amene akufunabe kuyesa ntchitoyi adziikire malire a tsiku, mwina 2 kapena 3 peresenti, ndipo akawafika atseke kompyuta mpaka mawa. Alembenso malonda alionse m'buku: nthawi yolowera, chifukwa cholowera, pomwe panali stop loss, zolipira, ndi zotsatira zake zitawerengedwa poyerekeza ndi ndalama zimene anaika pachiswe. Malonda khumi kapena makumi awiri sanena kanthu za njira ya munthu, chifukwa mwayi wokha ukhoza kuwakometsa. Akakwana 100 kapena kuposa, ochitidwa ndi malamulo osasintha ndi ndalama zochepa zenizeni, aphatikize zonse atachotsa zolipira. Ngati chiwerengerocho chili pansi pa ziro, malonda asakulitsidwe ndipo ndalama zina zisaonjezedwe mu akauntiyo.