Ku Cape Maclear nyengo yotentha: posambira, powedza ndi podyera

Okutobala akafika, dzuwa likuswa mtengo, ambiri maganizo amakhala kunyanja. Mukasankha Cape Maclear, dziwani kuti mukulowa m'dera la Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, makamaka mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Ndiye mbedza musamangoponya paliponse. Madzi onse a mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi zilumba zake, monga Domwe ndi Thumbi West, ndi oletsedwa kuwedzamo. Gwirizanani ndi asodzi a m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear komweko, akutengeni pa boti mbandakucha, nyanja ikadali bata. Kwakuya, nyambo ya usipa imakola kampango ndi ncheni.

Nkhani yaikulu ndi posambira. Likodzo lilipo, tisanamizane. Nkhono zomwe zimasunga tizilombo take zimakonda madzi osaya, odekha, a udzu ndi bango, makamaka pafupi ndi pochapira ndi potsukira mbale. Tizilomboto timalowera pakhungu, mwina mungomva kuyabwa pang'ono basi, kukodza magazi n'kudzayamba patapita miyezi. Kumiyala, monga ku Otter Point, chiopsezo n'chochepa koma sichitheratu. Mukavuuka dzipukuteni mwamphamvu ndi thaulo. Ambiri amalakwitsa pomwa praziquantel, mankhwala a likodzo, tsiku lomwe abwerako. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima zokha, choncho dikirani masabata 6 mpaka 8, kenako pitani kuchipatala akakupimeni pa sikelo, poti mlingo wake ndi 40mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi.

Ana akalowa m'madzi, wamkulu mmodzi akhale pamtunda, foni m'thumba, mowa ayi, maso pa iwo. Mwana amamira mwakachetechete, safuula. Madzulo pewani pothira mitsinje ndi m'mabango, ndi kwa ng'ona ndi mvuu kumeneko.

Kamba wanu akhale mu cooler box yotseka bwino, pamthunzi. Mpunga ndi nkhuku zophika m'mawa, zikakhala m'galimoto yotentha mpaka 2 koloko masana, zimasasa, mawa lake banja lonse kutsegula m'mimba. Madzi akumwa tengani osachepera malita 3 pa munthu. Anyani akumeneko manyazi alibe: jumbo ya buledi mukaisiya poyera amaitsomphola inu mukuona, ndipo mukawaponyera nthochi imodzi abwera onse. Patapata musaiwale, mchenga wa masana umawotcha mapazi a ana mpaka matuza.