Zaka zanga 40 ku Florence

Wansembe wina wa ku Italy amene ankatumikira kwathu ku Balaka ndiye anandipatsa matama. Ankati Chitaliyana n'chophweka kwa Mchewa, chifukwa umachiwerenga mmene chalembedwera, ndipo mawu ake ambiri amathera pa a, e, i, o ngati athu. Ndinaloweza ziganizo zingapo, basi n'kumadzimva ngati mdzukulu wa Dante, mlakatuli wotchuka wa ku Italy.

Nditapita ku Florence pa ulendo wa mpingo, banja lina linandiitanira chakudya chamadzulo. Mwini nyumba sanadikire n'komwe kuti ndikhale bwino pampando. Anayamba kundilalikira kuti Chitaliyana chenicheni chinabadwira mumzinda wawowo, kuchokera ku Chilatini cha anthu wamba, ndipo Dante ndiye anachikweza polemba ndakatulo zake m'zaka za m'ma 1300. Anati pamene Italy ankakhala dziko limodzi mu 1861, anthu ambiri ankangoyankhula za kwawo, wa ku Sicily osamvana ndi wa ku Venice. Chodabwitsa n'chakuti eni chilankhulowo, m'malo monena kuti "la casa" (nyumba), ankati "la hasa". Ine phee, mlendo satsutsa pa mbale.

Kenaka agogo aakazi a pakhomopo anandifunsa zaka zanga. Funso limenelo ndinali nditalikonzekera kuyambira pa Chileka. Ndinatukumula chifuwa: "Ho quaranta ani!"

Pa tebulo panati zii. Kamnyamata kena kanalavula madzi kudzera m'mphuno. Mayi a pakhomo anabisa nkhope m'kansalu kopukutira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Wansembe uja sanandiuze kuti chilembo chikabwerezedwa, lilime liyenera kukhalapo kaye. Ife timasiyanitsa mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika ndi kakwezedwe ka mawu, iwo amasiyanitsa ndi kutalika kwa n. "Anni" ndi zaka. "Ani", pepani owerenga, ndi makomo otulukira chimbudzi. Ndinali nditalengeza pamaso pa anthu akudya kuti ndili nawo 40.

Kukhosi kunauma gwa. Ndinafuna kunena kuti ndili ndi ludzu, lomwe iwo amati "sete". Koma tsopano, poopa kulakwanso, ndinakanikiza t ndi mphamvu zanga zonse: "Ho sette!" Kumeneko n'kunena kuti ndili nazo 7.

Agogo aja anaika foloko pansi, n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Mwana wanga, atsala 7 okha? Nanga 33 enawo apita kuti?"