Injini yanga inasanduka nkhokwe

Injini ya kaCorolla kanga itanoka, amakaniko anandiuza mosapsatira kuti kuikonza n'kutaya ndalama, bola kugula ina. Ndinapita ku Ndirande n'kupeza injini ya mtundu wa 5A yochokera ku Japan, yooneka bwino ndithu. Nditalipira, m'thumba munangotsala ya mafuta. Ndalama yoti aiike m'galimoto inali yodikira mwezi wina.

Wogulitsa uja anandilangiza zinthu zitatu: ndikhuthule oyilo, ndiikhazike pa tayala lakale, ndiimange mbali zonse zinayi. Ine ndinangogwedeza mutu ngati munthu wodziwa. Mumtima ndinkati, chinthu cholemera kuposa matumba awiri a chimanga chingasunthe bwanji chokha? Anyamata anayi anainyamula akubuula, ine ndikuwalamula manja ali m'thumba.

Pikapu inali ya alamu anga, ndipo kumbuyoko kunali kale thumba la ufa woyera limene mayi a kunyumba anandituma kukatenga kuchigayo. Chingwe chinalipo chimodzi, choyanikira zovala. Ndinachikulunga kawiri.

"Alamu, chingwe chimenechi?"

"Tiyeni alamu, ku Bangwe si ku Karonga."

Mpaka ku Limbe tinayenda bwino, ndipo ndinayamba kuimba kaluzu. Kenako njinga yakabaza inatidutsa kutsogolo pafupi ndi hampu, alamu n'kuponda buleki. Kumbuyo kunamveka chiphokoso choti anthu ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu anabalalika. Titatsika tinapeza injini yagona chammbali, yatsamira thumba la ufa ngati mwana pa bere. Malita atatu a oyilo wakuda bii anali akulowa mu ufa mwakachetechete, wina akudontha pamsewu. Alamu sanayankhule. Anangoyang'ana pamene bodi inapindika, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso bodi.

Za ufa zija tisakambe. Sabata imeneyo ndinadya nsima ya mgaiwa wobwereka, ndipo mbale inkafika patebulo ndi mkokomo.

Vuto lachiwiri linali posunga. Panja ndinkaopa akuba ndi mvula, choncho ndinaigubuduzira m'kachipinda kosungira chimanga ndi mtedza, n'kuikhazika pa simenti penipeni, sampu (kabeseni ka oyilo kunsi kwa injini) ili pansi. Mabowo onse anali yasa, kolowera mpweya ndi kotulukira utsi komwe. Mwezi umodzi uja unasanduka miyezi isanu, poti fizi ya ana nayo siidziwa kuti pakhomo pali injini. Mayi a kunyumba, poona kuti chachitsulo chija sichichoka, anachifunditsa chitenje n'kumaikapo lichero. Mlendo wina anafunsa ngati tinagula makina osokera.

Usiku ndinkamva kwatakwata m'kachipindamo. Ndinkadziuza kuti ndi chitsulo chikuzizira, ngakhale injiniyo inali isanalire chichokere ku Japan.

Tsiku loika litakwana, amakaniko anabwera ndi mnyamata wawo, anavundukula chitenje, n'kukhala chete nthawi yaitali. Mawaya a mapulagi anali odukaduka ngati munthu wawadula ndi lumo. Atapendeketsa injiniyo, m'paipi yolowera mpweya munayamba kutuluka makoko a mtedza. Sanali awiri kapena atatu ayi, anadzaza chipewa cha mnyamata uja. Kenako kunatuluka misere ya chimanga, nsanza, ndi kachidutswa ka sokosi yanga imene ndinakalipira nayo ana mu Januwale. Pomaliza panatuluka mwininyumba, khoswe wonenepa, amene anadutsa pa phazi la amakaniko osafulumira n'komwe.

"Bwana, munkasunga injini kapena munkaweta?"

Anayesa kuizunguza ndi sipanala, koma inakana. Chinyezi cha dzinja lonse chinali chitalowa pa mabowo aja, dzimbiri n'kugwira mkati. Sampu nayo inali itaphwanyika pansi, mwina pa hampu paja, mwina pa simenti. Apa m'pamene amakaniko anandipatsa phunziro, mayi a kunyumba ataima pakhomo manja m'chiuno. Akuti injini imakhala pa tayala kapena pa matabwa, mabowo onse amatsekedwa ndi nsanza n'kumangidwa pulasitiki, mumachotsa mapulagi n'kudonthezamo kaoyilo pang'ono, ndipo pakapita masabata angapo mumaizunguza ndi dzanja. Nsanza, tayala lotha, majumbo: zonsezi zinali mbwee kuseri kwa nyumba yanga, zaulere.

Anathira oyilo m'mabowo a mapulagi n'kuisiya masiku atatu, mwamwayi inamasuka. Ndinagula sampu ina, mawaya ena, n'kulipira wowongola bodi ya alamu. Pano galimoto ikuyenda. Koma tsiku loyamba kuiliza, ku ekizozi kunatuluka kafungo, ndipo ana a aneba anathamangira kumpanda kudzafunsa ngati tikukazinga mtedza.