Ku Makhanda, kumene asunga mawu a agogo athu

Akwathu ambiri akati akupita ku Joni amathera ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town. Za Makhanda, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Eastern Cape, simungazimve pa depoti ya mabasi. Mpaka 2018 inkatchedwa Grahamstown, ndipo madalaivala ena sanasiyebe dzinalo. Ine ndinatsikira ndege ku Gqeberha n'kukwera galimoto makilomita pafupifupi 130 mumsewu wa N2, zitunda ndi tchire la minga mbali zonse. Inali nyengo yozizira, kamphepo kake koposa ka ku Dedza mu Juni. M'tauni momwemo ngolo za abulu zimalimbirana msewu ndi magalimoto, ndipo kulikonse ungayang'ane pali tchalitchi.

Chinanditengera kumeneko ndi kanyumba kena ka pa Rhodes University, ka International Library of African Music, mwachidule ILAM, kosungiramo nyimbo za mu Africa. Anayambitsa malowa ndi Hugh Tracey mu 1954 ku Roodepoort, kufupi ndi Johannesburg. Mkuluyu atamwalira mu 1977, mwana wake Andrew Tracey anasamutsira zonse ku yunivesiteyi mu 1978. Hugh Tracey anazungulira maiko ambiri ndi makina ojambulira mawu, mpaka ku Congo ndi Uganda, ndipo kwathu, dziko likadali Nyasaland, anajambulako mu 1950, 1957 ndi 1958. Zina mwa nyimbozo anazitulutsa pa mbale za galamafoni zoposa 200 zotchedwa Sound of Africa.

Ukangolowa umakumana ndi ng'oma, kalimba ndi timbila za Achopi a ku Mozambique. Koma ine mtima unali pa kompyuta. Ndinavala mahedifoni, n'kudina. Munamveka bambo wina akukhwacha bangwe, mawu ake osasa pang'ono, akuimba Chichewa chimene ndinachimva chonse popanda womasulira. Kenaka amayi akusinja, minsi ikugunda mumtondo mosinthana, nyimbo ikutsata kugundako. Wina anaphonya mawu, anzake n'kuseka osasiya kusinja. Ndinabweza katatu pamalo omwewo. Amayiwo mwina onse anatsikira kuli chete, koma chikhakhali chawo chili bwinobwino mu fayilo.

Kuti mawu achoke pa tepi n'kufika mu fayilo si ntchito ya masewera. Tepi yakale imauma, imamatirira, ina imaduka. Makina ambiri oiwerenga nawonso anasiya kupangidwa kalekale. Ndipo palibe chidule: tepi ya ola limodzi imafuna ola lathunthu munthu ali khutu tcheru. Osunga zinthu zotere amapanga fayilo yaikulu ya mtundu wa WAV, yosachotsedwa kanthu, n'kuisunga m'malo angapo, kenaka n'kupanga tina topepuka ta mp3 togawira anthu. Tepi yeniyeniyo saitaya ayi.

Chimene chinanditengera nthawi yaitali, komabe, ndi zolemba zoperekeza nyimbo iliyonse. Tracey ankalemba woimba, mtundu wa anthu, chinenero, malo, choimbira, ndi tanthauzo la nyimbo mwachidule. Zimenezi ndi zimene zili mu kaundula wa pa kompyuta, ndipo popanda izo fayilo ingangokhala phokoso lopanda mwini. Ambiri ojambula a nthawi ya atsamunda sankavutika n'kulemba dzina la munthu wakuda. Apa mkuluyu ndimupatse ulemu wake.

Kungoti zolembazo ndi za nthawi yawo. Maboma athu ena anali ndi maina ena: Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Chitipa inali Fort Hill, Nkhotakota ankailemba Kota Kota. Mwana wa lero wa ku Nsanje, amene sanamvepo za Port Herald, angafufuze tsiku lonse pa zosungidwa zakale zilizonse n'kunena kuti za kwawo kulibe. Maina a anthu nawonso analembedwa monga khutu la mlendo linamvera. Wokonza zimenezi sali ku Makhanda. Ndi agogo ena ake pakhonde ku Malawi, amene atangomva mphindi imodzi anganene kuti, "Awa ndi amalume anga, ankakhala kutsidya kwa dambo."

Ndiye nkhani yagona pa kugawana. A ku ILAM anayamba kale kubweza nyimbo kwa eni ake. Diane Thram ali mkulu wa malowa anapita ku Kenya kukapereka kwa Akipsigis nyimbo zimene Tracey anajambula kumeneko mu 1950, ndipo anthu anamva mawu a makolo awo. Ine maganizo anga ndi akuti kuika zinthu pa intaneti ndi theka chabe la ulendo. Tsamba la pa intaneti limafuna bandulo, netiweki yabwino, ndi Chingerezi chofufuzira. Kumudzi nyimbo zimayenda pa memori khadi, pa WhatsApp, pa kasipika kolendewera pa handulo ya njinga ya kabaza, ndi pa wailesi za m'madera. Pulogalamu imodzi ya madzulo, woulutsa ataseweretsa nyimbo ya 1958 n'kutchula dzina ndi mudzi, mafoni angalire mpaka usiku, ndipo kaundula uja angapindule ndi zimene anthu anganene.

Palinso funso limene sindikuliona lopepuka. Nyimbo zina ndi za pabwalo, aliyense angamve. Zina ndi za kuchinamwali kapena za kudambwe, zimene eni ake sangakonde kuti zizingolira pa foni ya aliyense mu minibasi. Kompyuta sidziwa kusiyanitsa zimenezo. Pofunika mafumu ndi anamkungwi anenepo kuti iyi itseguke, iyi ikhale ya ofunsa okha. Ndipo woimba wa lero akatengako kachidutswa n'kupanga nako ndalama, adzukulu a mwini nyimbo aja apatsidwa chiyani?

Madzulo ndinatsetsereka High Street mpaka pa Cathedral ya St Michael ndi St George, ndinagula chipisi chotentha, n'kubwerera kogona manja ali m'thumba.

Amene mungafune kupitako, tumizani imelo msanga kuti akuyembekezereni. Musananyamuke khalani pansi ndi akuluakulu kwanu, akuuzeni maina a amene ankatchuka ndi bangwe, kaligo kapena malipenga m'zaka za m'ma 1950, dzina la mfumu ya nthawiyo, ndi dzina lakale la boma. Dzina lililonse mulilembe m'njira ziwiri kapena zitatu, monga Mngelezi akanalimvera. Ngati mukupita pakati pa Juni ndi Julayi, pezeranitu malo ogona, chifukwa ndi nthawi ya chikondwerero cha zaluso cha National Arts Festival ndipo tauni yonse imadzaza. Jekete musaiwale.