Nyanga za Gus ndi mizere yokhota ya Lemire

Lachiwiri usiku ndinagona mtima uli m'malo, patatha pafupifupi miyezi iwiri ndikulimbana ndi komiki ya Sweet Tooth, nkhani ya ana obadwa ndi ziwalo za nyama m'dziko losakazidwa ndi mliri. Nkhani yake sinkandivuta ayi. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi kajambulidwe ka Jeff Lemire, amene anailemba n'kuijambula. Ndikatsegula tsamba ndinkangoona zala zokhota, mphuno zophwanyika, mapewa osalingana, ndiye mumtima n'kumati, kodi a kampani yosindikiza makomiki ya Vertigo anamulola bwanji mkulu wa ku Canada ameneyu kutulutsa zigawo 40 zathunthu, kuyambira 2009 mpaka 2013, chonsecho ngakhale dzanja la munthu sakulijambula molongosoka? Ndipo si ine ndekha. Alipo ambiri amene amayamikira nkhaniyi koma zithunzi zake amazinyoza, amati n'zosamalizidwa. Mnzanga wina anangoyang'ana masamba awiri n'kundibwezera buku, akuti mwana wa sitandade 5 angachite bwino kuposa pamenepo.

 Ndipite pa chimene chinanditsegula maso.

Ndinatenga buku loyamba, pamene Gus, mnyamata wa nyanga zanthambi ndi makutu a gwape uja, watuluka m'nkhalango ya ku Nebraska bambo ake atamwalira, ndipo akuyenda ndi Jepperd, bambo wadzitho amene anamupulumutsa kwa alenje. Ndinadula tizipepala n'kuphimba mawu onse, kenako n'kuyamba kukopera tsambalo ndi pensulo. Pofika pa nkhope ya Jepperd dzanja langa linachita zimene linazolowera: ndinaongola mphuno, ndinalinganiza maso, chibwano ndinachisalaza, munthuyo n'kukhala wooneka bwino ngati ngwazi za m'makomiki ena. Nditamaliza ndinajambula Gus pambali pake monga mmene alili m'bukumo. Ndinaika pepalalo patebulo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Gus anali atasanduka chilombo. Sindinasinthe kalikonse pa iye, koma poima pafupi ndi munthu wosalala uja, nyanga zake zinkaoneka ngati chinthu choopsa chomera pamutu pa mwana. Ndinayang'ananso tsamba la Lemire. Mmenemo mulibe chilombo. Jepperd ndi wophwanyika, bambo ake a Gus ndi owonda ngati chitsa chouma, asilikali a kumsasa kosungirako ana oterewa nkhope zawo n'zopindika, Dr Singh yemwe, dokotala wofufuza anawo, maso ake ndi olowa. Aliyense wajambulidwa ndi mzere womwewo wonjenjemera. Ndiye nyanga zija zimangokhala kukhota kwina pakati pa kukhota kwa anthu onse. Diso la wowerenga silipeza malire akuti apa pathera munthu, apa payambira nyama. Malirewo amaikidwa ndi anthu a m'nkhanimo ndi pakamwa pawo, ndi mfuti zawo, ndi makola amene amatsekeramo anawo.

Ndinakhala chete kwa kanthawi, chifukwa ndinazindikira kuti kwa miyezi iwiri ndakhala ndikuweruza zithunzizi mmene anthu a m'nkhanimo amaweruzira ana aja. Iwo akaona kamtsikana Wendy ndi mphuno yake ya nkhumba amati ameneyu si munthu. Ine ndikaona mzere wokhota ndinkati ili si luso. Tonse tinali ndi muyeso m'mutu tisanayang'ane n'komwe.

Taonani makutu a Gus. Ndinawakopera kangapo ndisanazindikire ntchito imene amagwira. Akachita mantha amagwa, akamva chinachake amadzuka, ndipo mawu onse ataphimbidwa ndinkadziwabe zimene zili mumtima mwake. Chiwalo chomwecho chimene amamusakira ngati nyama ndicho chikundiuza kuti mwanayu ali ndi chisoni. Pamene Jepperd akumupereka kwa Abbot, mkulu wa asilikali aja, posinthana ndi chikwama cha mafupa a mkazi wake, simufunika kuwerenga chilichonse. Mnyamata wa malaya ofiira, wokonda chokoleti, amene anauzidwa kuti akupita kumalo otetezeka a ana onga iye, waimirira pamenepo akuyang'ana munthu amene ankamukhulupirira akuchoka.

Njira yophimba mawu n'kukopera ndi dzanja imeneyi, ine ndikuona kuti palibe ina yoiposa. Mutha kuonera mavidiyo pa YouTube mpaka bandulo kutha, mutha kuwerenga zimene akatswiri alemba, koma chimene dzanja lanu silinachite simunachimvetse. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalamula kuti wophunzira aliyense akopere masamba khumi asanatsegule pakamwa kunyoza wojambula aliyense.

Apa m'pamene mtima umandipwetekera ndikakumbukira aphunzitsi amene anandiyambitsa kujambula. Ankayenda ndi rula, kuyeza kuti mutu ulowe kasanu ndi katatu mu msinkhu wa munthu, ukaphonya akulemba mzere wofiira papepala lako lonse. Sindikukana, muyesowo ndi wofunika, ndipo ndimaugwiritsabe ntchito. Koma zaka zonsezo sananenepo ngakhale kamodzi kuti munthu atha kudziwa muyeso n'kuusiya dala chifukwa nkhani yake ikufuna zimenezo. Tinatuluka tikudziwa kuona cholakwika chokha. Pano ndikuphunzira zimenezi ndekha usiku, nditaweruka kuntchito, nthawi zina ndi tochi ya foni magetsi akathima, ndipo tsamba limodzi limanditengera masiku atatu.

Pali china chimene sichinakhazikikebe. Powerenga za ana osakidwa chifukwa cha matupi awo, maganizo anga anathamangira kwa abale athu achialubino kuno kwathu, amene ena aphedwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Koma ndinadziletsa msanga. Iwo ndi anthu basi, palibe chaunyama chilichonse mwa iwo, ndipo kuwayerekeza ndi mwana wa nyanga kungakhale kuwalakwira kachiwiri. Gus ndi wosiyanadi. Alibe mchombo, ndipo nkhaniyo ikamapita kutsogolo, mpaka ku Alaska, zimaoneka kuti chiyambi chake n'cholumikizana ndi mliri umene ukupha anthu. Ndiye mantha a anthuwo sanangochokera m'mwamba. Kodi nkhani yotere ikuphunzitsabe za tsankho, pamene tsankho lenileni limakhala lopanda maziko? Kapena ikuti ngakhale mantha atakhala ndi chifukwa, mwana sumutsekera m'khola? Tsiku lina ndimaona ngati yankho lachiwirili ndi lokwanira, tsiku lina ayi.

Komanso sindikudziwa ngati Lemire anakhotetsa mizereyo moganizira zonsezi, kapena ndi mmene dzanja lake limayendera basi, chifukwa mu komiki yake ina ya Essex County, mmene mulibe ana a nyanga, anthu ake ndi okhota chimodzimodzi. Mwina ndikuona zimene mwini wake sanaikemo. Loweruka ndikopera zigawo za Sweet Tooth zimene anajambula wojambula wina, Matt Kindt, ndione ngati maganizo angawa aimabe dzanja likasintha.